Wakuba Amene Anadyetsa Akavalo

Nditafika ku polisi m'mawa wa Lachisanu ndinapeza mlandu ataphika kale, wangotsala kupakula. Mnzanga Padró, amene amakonda kutseka milandu kuposa kuifufuza, anandilandira ndi khofi m'manja n'kundiuza kuti ndisavutike, wakuba ali m'chitokosi. Mafumu Atatu a Don Crispín Adorno anabedwa dzulo lake m'mawa, ndipo pofika madzulo anali atagwira kale wantchito wa m'nyumbamo, mayi wotchedwa Yuderka.

Kuno ku Puerto Rico ukhoza kuba galimoto anthu n'kudzakuiwala, koma osati Mafumu, makamaka sabata yoyamba ya Januwale. A kwa Adorno ndi ziboliboli zakalekale zosema pa mtengo, mafumu atatu aja anakaona Yesu wakhanda, aliyense pa kavalo wake. Amayi awo a Don Crispín analumbira kuti chaka ndi chaka banja lizisonkhana kuwaimbira tsiku lawo likafika pa 6 Januwale, ndipo lumbirolo linali lisanaphonyepo.

Koma ndinene zoona, za ziboliboli sizinandidye mtima kwenikweni. Chinandiwawa ndi Yuderka. Ndi wa ku Santo Domingo, anawoloka nyanja pa bwato ngati anzake ambiri, mapepala ake okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo ali ndi mwana wamkazi wobadwira konkuno. Mlandu wakuba ukanangofika kwa woweruza Lolemba, a imigireshoni akanamunyamula n'kumubweza kwawo, mwanayo n'kutsala m'manja mwa aneba.

Ndinamufunsa Padró kuti umboni wake ndi uti. Anati chitseko sichinathyoledwe ndipo mayiyo ali ndi kiyi. Kenako, monyadira, anandikankhira kapulasitiki. Munali tsamba lobulungira, kukula ngati mbale, ndi kaudzu kofota pamwamba pake. Analipeza pa guwa, pamalo penipeni pamene pankakhala Mafumu.

"Tsamba la uva wa kunyanja," anatero. "Mkaziyu amakhala ku gombe, pansi pa mitengo ya uva, ndipo m'mawa uliwonse amawabweretsera Don Crispín zitumbuwa za nsomba pa masamba omwewa. Ukufunanso chiyani, Maisonet, chithunzi?"

Ine ndine mwana wa kunyanja. Ndinakula ndikudyera pa masamba a uva, ndipo zala zanga zimawadziwa kuposa maso. Ndi osalala, okhuthala ngati chikopa cha nsapato, mitsempha yake yofiira. Ndinatulutsa la Padró n'kulisisita. Pamwamba linali ndi makwinya, ndipo nditalitembenuza ndinamva ubweya.

Padró anati lafota chabe. Ndinamuuza kuti masamba ofota ndawaonapo ambiri, koma lomera ndevu ndinali ndisanalionepo, ndipo ndinatenga makiyi a galimoto.

*

Ndisanatuluke ndinadzera ku chitokosi. Yuderka anali atakhala mowongoka pa benchi, epuloni idakali m'chiuno. Anandifotokozera mofulumira, ngati munthu amene wanena kale kambirimbiri popanda womumvera. Zoraida, mwana wa Don Crispín, anatenga bambo ake kupita nawo kwa dokotala wa maso, iye n'kumutuma ku msika kukagula makandulo ndi masamba a nthochi ophikira za phwando. Pobwera anapeza m'nyumba muli chipwirikiti, zala zonse zikuloza iye. Ndinamufunsa ngati alipo amene anamuona ku msikako.

"Sabata ino, a Sajeni? Msika wonse ndi azimayi otuluka thukuta ogula masamba a nthochi. Ndani angakumbuke ine?"

"Mafumuwo munawatenga?"

"Ndiwatenge ndikawaike pati? Kwanga ndi chipinda chimodzi, mphepo ikaomba denga limatsanzika. Ine ndimawapukuta fumbi Loweruka lililonse. Uja wakuda uja, Melchor, ndimamuuza zanga zonse, zimene ngakhale wansembe sazidziwa. Munthu ungabe amene amadziwa zinsinsi zako?"

Kenako anandipempha kuti ndikawauze aneba ake kuti mwana wake Lisbet sakonda nyemba, koma azingomukakamiza. Nditafika pa chitseko anandifunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti amene abwezedwa kwawo saloledwa kutsanzika. Ndinatuluka ndi mkwiyo umene ndinalibe poutula.

*

Nyumba ya a Adorno ili kumtunda kwa tchalitchi, bwalo lake simenti yokhayokha, popanda ngakhale kaudzu kamodzi. Zoraida anandilandira pakhomo atavala ngati akupita ku khoti. Anakulira ku New York, anabwerera bambo ake atayamba kufooka, ndipo ali ndi chizolowezi choyamba chiganizo chilichonse ndi mawu akuti sakufuna kuoneka wankhanza. Anati sakufuna kuoneka wankhanza, koma anthu obwera pa bwatowa ukawapatsa kiyi umadzipha wekha, ndipo makiyi a nyumba ino alipo awiri basi, wake ndi wa Yuderka.

"Atatu," anatero mawu ochokera pa mpando wa pakona. "Wina ali pansi pa mphika wa maluwa. Banja lonse likudziwa, kupatula mwini nyumba watsopanoyu."

Amenewo anali Don Crispín, nkhalamba yowonda, maso atachita mtambo, koma mutu uli bwinobwino. Pambali pawo panakhala Nicanor, mwana wa mlongo wawo, chimunthu chachikulu chofatsa, chipewa pa bondo. Masiku ano ndi msodzi, koma anakulira ku mapiri kwa agogo ake, pa munda wakale wa banjalo, ndipo munda umenewo amausamala ndi iyeyo. Anali atabwera kudzapepesa amalume ake.

Ndinawafunsa agogowo za udzu umene unapezeka pa guwa. Padró anali asanawauze n'komwe. Don Crispín anatukula mutu, n'kuseka kaseko kopanda mano.

"Ndiye kuti anawadyetsa. Wakuba wa mwambo ameneyo, mwana wanga."

Anandifotokozera kuti ana onse a pa chilumba chino amaikira akavalo a Mafumu udzu pansi pa bedi, koma amayi awo anawonjezerapo lamulo lawolawo: Mafumu a kwa Adorno sanyamuka pa guwa akavalo asanadye, ndipo udzu wake ukhale wauwisi, womweta m'mawa womwewo. Mchimwene wawo wina anawanyamulapo ndi njala posamuka nyumba, ngolo inagubuduka pa chitsetse, iye n'kutsimphina mpaka kumanda. Kuchokera pamenepo palibe wa m'banjamo anayerekezanso. Zoraida anafulumira kunena kuti Yuderka lamulolo amalidziwa, ndipo agogowo anavomera kuti amalidziwadi.

Ndinamuonetsa Nicanor kapulasitiki kaja. Anangoponyapo diso, manja ali pa chipewa.

"Uva ameneyo, a Sajeni. Ine sindifuna kunamizira munthu, koma pitani ku gombe mukaone nokha mitengo yazungulira nyumba ya mayi uja."

Nditamufunsa kumene anali dzulo, anati tsiku lonse anali pa doko akupaka penti bwato lake. Ku munda anati sanapondeko chiyambire Khirisimasi, chifukwa mvula inagumula msewu. Anayankha mwaulemu, osathamanga, ndipo ndinalibe pomugwira.

Ndikudzuka kuti ndizipita, Don Crispín anafunsa ngati Zoraida wandiuza zimene iwo ananena pa chakudya cha Khirisimasi.

"Ndinati ndikafa, Mafumu ndi lumbiro lawo zipite kwa Yuderka. Ndi yekhayo amene amadziwa nyimbo zonse. Tsono mundiuze inu apolisi, munthu amaba bwanji chinthu chake chomwe?"

Zoraida anati mwina analephera kudikira. Nicanor ankangopotokola chipewa chake.

*

Nyumba yoyandikana ndi ya a Adorno ndi ya Doña Monse, amene amakhala pa khonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndipo amadandaula kuti anthu samuuza kalikonse. Anandikhazika pansi, anandipatsa khofi wotsekemera mopweteka mano, n'kuyamba ndi mbiri ya bondo lake. Nditamufikitsa pa nkhani ya dzulo anati sanaone munthu, chifukwa nthawi imeneyo anali kuseri akutsuka nkhumba ya phwando.

"Koma makutu ndinali nawo, mwana iwe. Ndinamva munthu akuimba m'nyumbamo chapansipansi, osatsegula pakamwa, nyimbo ija yotsanzikira Mafumu. Ndinati ndi Yuderka, paja amaimba ngakhale akutsuka chimbudzi. Koma ndinadabwa, ndinati mtsikanayu wagwidwa chimfine? Mawu ake anali a besi ngati a ng'ona."

Ndinamufunsa ngati anamuuza Padró zimenezi. Anati mnyamatayo anakana khofi, ndipo munthu wokana khofi iye samuuza kanthu.

Kenako anatsitsa mawu, ngakhale panalibe wina womva. Anati Zoraida atabwera kwa dokotala, asanaone n'komwe kuti guwa lili pululu, anatenga chokolopera n'kuyamba kukolopa masitepe uku akutukwana kuti wantchito ndi waulesi, wasiya matope paliponse.

"Matope otani?"

"Ofiira, katondo weniweni. Ndinaona madzi ake akutsikira mu ngalande ngati apha nkhuku. Tsono iwe ndiwe wa kunyanja, undiuze, ku gombe kuli katondo? Yuderka akalowa m'nyumba amabweretsa mchenga, ndipo amasesa yekha."

Ndinamaliza khofi uja mpaka dontho lomaliza, ndipo anali woyenera kumumaliza.

*

Ku ofesi ya zankhalango ndinapeza Wanda Lugo akuvula majombo. Tinaphunzira sukulu imodzi, iye n'kupitirira mpaka kukhala dokotala wa mitengo, ndipo mpaka lero amandiseka kuti apolisi timangomukumbukira tikataya mtembo m'tchire. Ndinamuikira tsamba lija pa tebulo n'kumufunsa ngati ndi uva monga ananenera mnzanga Padró.

Anayamba wayang'ana ku phesi, pamene tsamba limagwirana ndi nthambi, n'kundionetsa kachikopa kopyapyala kofiirira, kong'ambika mbali imodzi. Anati mitengo ya banja limeneli umaidziwira pamenepo. Tsamba lililonse limakhala ndi kachikopa kozungulira nthambi ngati sokosi pa mwendo, ndipo kakagwa kamasiya mphete pa mfundo. Masamba akuluakulu pa chilumba chino ndi ambiri, koma ukaona sokosi ndi mphete wadziwa kuti uli pa khomo la uva ndi abale ake.

"Ndiye mnzako sanaphonye kwambiri," anatero. "Wapeza mudzi, wangolakwitsa nyumba."

Ananditulutsa panja, kumene anadzala mitengo yophunzitsira ana a sukulu, n'kundigwiritsa masamba ngati wakhungu. Loyamba linali la uva, losalala, lozizira m'manja. Lachiwiri anati ndi ortegón, lamakwinya, louma gwa, lopanda ubweya, ndipo anati umenewo kwawo ndi kum'mawa kwa chilumba, kuno sudzimerera wokha. Lachitatu linali lalikulu moti ndikanatha kubisalamo, mitsempha yake yolowa pansi, ndipo kunsi kwake kunali ubweya womwe uja.

"Moralón. Mphukira zake zimabala masamba ngati amenewa, koma mtengo ukakula masamba amachepa mpaka kufanana ndi mbale. Lakoli lachokera pa mtengo wakale. Ndipo moralón ndi mchenga saonana, amamera m'timapiri ta miyala, pa katondo."

Anati mitengo yakale yatsala yowerengeka, chifukwa matabwa ake chiswe chimawalephera ndipo makolo athu anaimaliza pomangira nyumba. Yotsalayo amaidziwa umodziumodzi ngati abale ake, ndipo kumbali ino ya mtsinje waukulu woposa yonse uli pa munda wakale wa a Adorno, pakamwa pa phanga. Koma ndinafuna chinthu chinanso. Ndinamufunsa ngati munthu wokulira ku mapiri angasokoneze moralón ndi uva.

Wanda anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati wa m'tauni angasokoneze, wa kunyanja angasokoneze akapanda kuligwira, koma mwana wa ku mapiri amapita ku sukulu atafunda tsamba la moralón mvula ikamagwa. Imeneyo ndiyo ambulera yawo, ndipo angalidziwe ngakhale mu mdima.

Ndinamupempha kuti avalenso majombo ake.

*

Nicanor tinamupeza pa doko dzuwa litapendeka. Bwato lake linali lopakidwadi penti, koma nditalikhudza ndi chala penti yake inali youma kalekale, mchere utayamba kale kuyera pamwamba. Asodzi anzake nditawafunsa anayang'ana kunyanja, mmodzi n'kunena kuti Nicanor amakhala pompano nthawi zonse, kungoti dzulo m'mawa sakukumbukira bwino. Pikapu yake inali yotsukidwa mpaka kunyezimira, koma munthu wotsuka mothamanga amaiwala kuwerama. Kunsi kwa matayala kunali katondo wosauma.

Ndinamupempha mwaulemu kuti akationetse pamene msewu unagumuka, kuti ndikawauze a zamisewu. Anakwera kumbuyo, Wanda kutsogolo. Tinasiya mchenga, tinadutsa makola a ng'ombe za mkaka, tinalowa pakati pa timapiri, ndipo pa kona iliyonse ndinkamufunsa ngati ndi pano. Iye ankati kutsogolo. Tinafika pa chipata cha munda msewu uli bwinobwino, ndipo ndinamuyamikira kuti a zamisewu chaka chino akugwira ntchito mwachangu.

Mtengowo sunafune kuusaka. Unali wautali, wowongoka, utaima pakamwa pa phanga, ndipo pansi pake panali kadera ka udzu womwetedwa kumene. Wanda anayenda mozungulira, maso m'mwamba, mpaka anakoka nthambi yotsika imene munthu wamtali angaifikire osadumpha. Pa mfundo ina panalibe tsamba, panangotsala theka la kachikopa kaja. Anatenga tsamba la m'pulasitiki n'kuligunditsa pamenepo, ndipo mong'ambika monse munalumikizana.

"Sokosi yapeza mwendo wake," anatero Wanda.

Ndinatembenukira kwa Nicanor. Ndinamukumbutsa kuti m'mawa anandiuza kuti tsambali ndi uva, iye amene anakulira pansi pa mtengo womwewu. Ndinati Padró analakwitsa chifukwa sadziwa, Zoraida chimodzimodzi, koma iye sanalakwitse, ananama, ndipo munthu sanama za tsamba popanda chifukwa. Nicanor anavula chipewa n'kulowa m'phangamo, ife pambuyo.

Sitinapite patali. Pa mwala wafulati, pouma, panali mtolo wokutidwa ndi masamba akuluakulu a moralón kuti madzi odontha asaukhudze. Ndinavundukula. Atatu onse analipo, Melchor pakati pa kavalo wake woyera, penti yawo yakale ikuwala pa kuunika kwa tochi. Pambali panali kandulo yotha, ndipo patsogolo pa akavalo panali udzu wina, wauwisi, wa m'mawa wa tsiku lomwelo. Munthuyu anali atakwera phiri mbandakucha kudzawadyetsanso, kenako n'kutsika kukapepesa amalume ake.

Ndakhala pa ntchitoyi mpaka imvi, koma chimwemwe chimene ndinamva m'phanga lonunkha mileme lija sindichiiwala. Ndinafuna kuvina, ndinangodzigwira chifukwa cha yunifolomu.

Nicanor anakhala pansi n'kuyamba kulankhula osafunsidwa.

"Lumbiro lija agogo analumbirira amayi anga, ali khanda, akufa ndi chifuwa. Mafumuwa anachiritsa amayi anga, osati amalume. Ine ndilipo chifukwa cha iwowa. Ndiye apite kwa munthu wobwera pa bwato, ine ndikuyang'ana?"

"Ndipo wobwera pa bwatoyo amulande mwana, inu mukuyang'ananso?"

"Ndinkati amufunsa mafunso n'kumusiya."

"Munali pomwepo m'mawa uno. Munandilozera ku nyumba yake ndi pakamwa panu."

Anawerama. Wanda, amene sazolowera za milandu, anamufunsa chimene iye sankamvetsa: ngati anafuna kuba, anasiyiranji udzu ndi tsamba pa guwa? Nicanor anamuyang'ana modabwa kuti munthu wophunzira angafunse zotero.

"Mayi, kuwatenga ndi nkhani ina. Koma kuwanyamula ndi njala, pa msewu wa zitsetse uwu? Ndikanafika?"

Ndinamumanga unyolo. Mafumu ndinamupatsa Wanda kuti awafukate pa miyendo, ndipo popeza akavalo anali atadya kale, tinatsika phiri popanda mantha.

*

Tinadzera kwa a Adorno. Don Crispín anawalandira pa miyendo n'kuwasisita nkhope mmodzimmodzi ndi zala. Atamva dzina la wakubayo anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti Yuderka ali kuti. Anati popanda iye saimba. Zoraida, nkhope itagwa, anati akamutenga yekha pa galimoto yake, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayambe ndi mawu ake aja. Ndinamukaniza. Ndinati anamutenga ndi apolisi, ndipo akamubweza ndi apolisi.

Ku polisi ndinamupatsa Padró kiyi kuti atsegule chitokosi ndi manja ake omwe anatsekera. Anatsegula, ndipo ndimupatse ulemu wake, anapepesa osauzidwa. Yuderka anatuluka, anaona Nicanor akulowa, anamuyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku mutu. Anangondifunsa ngati za Lolemba zatha. Ndinati zatha, dzina lake silifika kwa woweruza kapena kwa wina aliyense.

Pa galimoto anapita ku chitseko chakumbuyo. Ndinamutsegulira chakutsogolo. Tili m'njira anandiuza kuti dzulo anamutenga nthawi ngati yomweyi, timashopu ta ku gombe titadzaza, anthu akudya nsomba, ndipo Lisbet anathamangira galimoto mpaka pa mlatho. Anapempha kuti tikafika ndiyendetse pang'onopang'ono.

Ndinachita zoposa pamenepo. Titalowa mu msewu wa m'mbali mwa nyanja ndinatsitsa mawindo onse, ndinaliza sailini kamodzi kuti aliyense asiye chimene akutafuna, n'kutenga chimkuzamawu. Malamulo a ntchito salola zimenezi, ndipo ngati bwana akufuna kundilembera chenjezo, adziwa kumene ndimakhala.

"Tamverani nonse. Mayi Yuderka sanabe kanthu. Wakuba wagwidwa, Mafumu a Don Crispín abwerera kwawo."

Ndinabwereza pa shopu iliyonse mpaka kumapeto kwa msewu. Azimayi okazinga anatuluka ndi zipande m'manja, wina anayamba kumenya poto, asodzi anaomba m'manja, ndipo ena amene dzulo ananena kuti ankamukayikira kale ndi amene anakuwa kwambiri. Yuderka anakhala chigongono pa windo, mutu m'mwamba, akugwedezera uyu ndi uyo ngati meya.

Mwanayo anatiwona tili patali. Anadumpha pa khonde la aneba opanda nsapato, ndipo ndinaimitsa galimoto mwachangu kuopa kumugunda. Amayi ake anamunyamula ngakhale ndi wamkulu kale, miyendo ikulendewera, ndipo anaima choncho pakati pa msewu, magalimoto akudikira, popanda woliza hutala.

Ndinamukumbutsa kuti Don Crispín akumudikira. Anandiyang'ana pamwamba pa phewa la mwanayo.

"Mukawauze kuti tsiku la kuimba ndibwera, nyimbo zonse ndili nazo. Koma lero ayi, a Sajeni. Lero ndili ndi mwana."

Anamutsitsa, anamuyang'ana m'mutu, n'kufunsa kuti ndani wamuluka tsitsi mokhotakhota chonchi. Anakhala pa sitepe ya nyumba yake, anamukhazika pakati pa miyendo, n'kuyamba kumasula. Lisbet anadandaula kuti akumupweteka.

"Khala bwinobwino," anatero Yuderka. "Amako abwera."